Kaphikidwe ka horta, masamba owiritsa a Agiriki

Ku Greece munthu akaitanitsa nsomba yootcha m'malo odyera omwe kumeneko amati taverna, kawirikawiri pambali pake pamabwera mbale ya masamba obiriwira, onyezimira mafuta, ndi chibenthu cha ndimu pamwamba. Masamba amenewa ndi horta, ndipo akakhala owiritsa amati horta vrasta. Mulibe tomato, mulibe anyezi, mulibe nsinjiro, mulibe soda kapena chidulo. Zinthu zake ndi zinayi basi: masamba, mchere, mafuta a olivi ndi ndimu. Kuchepa kwa zinthuku n'kumene kumapusitsa ophika. Ndiwo zotendera zimatha kubisa masamba okhwima kapena olobodoka, koma mu horta mulibe pobisala. Mchenga ukatsalira mano amaumva, masamba akapsa mopitirira maso amaona, mafuta akakhala achabechabe lilime limanena nthawi yomweyo. Ntchito yonse yagona pa kusankha masamba, kutsuka, kuchuluka kwa madzi, nthawi ya pamoto ndi kukhetsa.

Kwa Agiriki horta ndi chakudya cha m'tchire ndi m'minda ya mitengo ya olivi. Mvula ya nyengo yozizira ikagwa, anthu akumidzi, makamaka amayi achikulire, amatenga kampeni ndi thumba n'kukathyola masamba omera okha m'mapiri. Am'tauni amagula pa laiki, msika wa mumsewu umene umachitika kamodzi pa sabata m'dera lililonse la mizinda ngati Athens ndi Thessaloniki. Masambawa amadyedwa kwambiri pa nthawi yosala ya mpingo wa Orthodox, Isitala isanafike, pamene anthu amasiya nyama, mazira ndi mkaka. Pa masiku osala mokhwima ena amasiyanso mafuta, n'kudya horta ndi ndimu yokha. Pa njala yaikulu ya 1941 ndi 1942, dziko lili m'manja mwa asilikali a Germany, Italy ndi Bulgaria, anthu masauzande ambirimbiri anafa, makamaka ku Athens ndi ku doko lake la Piraeus, ndipo masamba akutchire anali china mwa zochepa zimene anthu ankadalira. Kenako kuyambira mu 1960 gulu la Ancel Keys, wofufuza wa ku America, linayamba kupima amuna a m'midzi ya pa chilumba cha Crete n'kupeza kuti omwalira ndi matenda a mtima anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi maiko ena amene anali mu kafukufukuyo. Kuchokera apo masamba ndi mafuta a olivi zinatchuka kunja. Tisawapatse ulemu wonse masambawo, chifukwa anthu amenewo ankayendanso mapiri tsiku ndi tsiku ndipo nyama ankaiona mwa apo ndi apo.

Kusankha masamba

Agiriki amatsata nyengo. M'chilimwe chawo, cha m'ma Juni mpaka Seputembala, mfumu ya msika ndi vlita, masamba ofewa osawawa a mtundu umodzi ndi bonongwe. Apa ndi pamene wophika wa kwathu kuno ali ndi mwayi: bonongwe wanthete wowiritsa m'njira imeneyi ndi horta weniweni, osati wongoyerekeza. M'nyengo yozizira kumabwera masamba owawa. Radikia ndiwo otchuka, a masamba aatali okhala ndi mano m'mbali. Palinso antidia, zochos, ndi vrouves amene ndi mpiru wakutchire. Ku Crete amanyadira stamnagathi, kachitsamba kaminga kokhala ndi timasamba towawa, kamene mtengo wake umaposa masamba ena. Seskoula, masamba a mapesi oyera amene m'misika yathu ambiri amangoti sipinachi, amapezeka pafupifupi chaka chonse, ndipo masamba a bitiruti nawo satayidwa.

Ngati muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, yambani ndi bonongwe. Mukafuna kuwawa konga kwa radikia, sakanizani chisoso kapena luni pang'ono, gawo limodzi pa magawo atatu a bonongwe. Mpiru umalowa bwino m'malo mwa vrouves. Nsonga za nkhwani zikhoza kulowamo, pakuti Agiriki nawo amawiritsa nsonga zanthete za zukini, mtundu wa maungu aatali odyedwa ali anthete, pamodzi ndi vlita, koma muzisadzule bwinobwino. Repu ndi chayinizi zimatheka, ngakhale kuti kukoma kwake n'kozizira. Denje ndi therere musayese n'komwe, kuterera kwake sikugwirizana ndi mafuta osaphika. Chigwada ndiye ayi ndithu: masamba a chinangwa amafuna kusinja ndi kuphika nthawi yaitali kuti poizoni wake achoke, ndipo kuwiritsa kwa mphindi zochepaku sikukwanira.

Ku Crete amaphatikizanso vlita ndi stifnos, amene ndi m'bale wake wa mnadzi. Mukafuna kutero, tengani masamba anthete okha, muchotse tizipatso tonse tosapsa, ndipo madzi owiritsirawo muwataye. Lamulo la othyola m'tchire ndi lomwelo kulikonse: tsamba lomwe simukulidziwa lisiyeni, ndipo musathyole m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi ngalande za zonyansa, kapena m'munda momwe mwapoperedwa mankhwala posachedwa.

Pogula, yang'anani phesi. Likathyoka mosavuta ndi kamphokoso, masamba ndi anthete. Likamapindika osathyoka, kapena bonongwe akakhala kuti watulutsa kale ngayaye zambewu, ndiye kuti wakhwima ndipo ulusi wake udzakuvutani m'kamwa.

Zofunika pa anthu anayi

Masamba osaphika 1 kilogalamu. Musadabwe ndi kuchuluka kwake, akawira amatsika mpaka kukwana m'mbale imodzi yapakati. Madzi malita 4 kapena 5, mchere masupuni aakulu 2 osadzaza mpaka pamwamba, mafuta a olivi masupuni aakulu 4 mpaka 6, ndi mandimu 1 kapena 2. Pa ziwiya mufunika poto wamkulu koposa amene muli naye, beseni, mpeni, chipande chobooka kapena foloko yaikulu, ndi sefa.

Kusankhula ndi kutsuka

Apa ndi pamene nthawi yambiri imapita, ndipo Agiriki okha amadandaula kuti horta imatopetsa pokonza osati pophika. Khalani pansi ndi lichero, mutenge tsinde limodzilimodzi. Chotsani masamba achikasu, odyedwa ndi tizilombo ndi ofota. Pa bonongwe, thyolani nsonga ndi timapesi take tanthete, mapesi okhwima a m'munsi muwasiye. Pa masamba omera mozungulira ngati radikia, dulani muzu ndi kampeni n'kupala pamalo akudawo, koma kachitsa kogwirizanitsa masambako kasiyeni ngati n'kanthete, chifukwa ambiri amati ndi pomwe pali kukoma. Pa seskoula patulani mapesi oyera ndi masamba, mapesiwo muwadule kutalika kwa chala, muwaike paokha.

Musawaduledule tating'onoting'ono monga timachitira ndi repu. Horta imaphikidwa yathunthu, kapena yodulidwa pawiri kapena patatu ngati masamba ndi aatali kwambiri. Masamba odulidwa mwaung'ono amataya kukoma kwawo konse m'madzi ochulukawa, ndipo pa mbale amangokhala chiphalaphala.

Tsopano dzazani beseni ndi madzi ozizira, muviike masamba, muwagwedeze ndi manja, kenako muwasiye mphindi 5 kuti mchenga ukhazikike pansi. Chofunika kwambiri ndi ichi: vuulani masambawo ndi manja kuwaika m'chiwiya china, osati kupendeketsa beseni kuti madzi atuluke masamba ali momwemo. Mukapendeketsa, mchenga wonse umene unakhazikika umabwerera m'masamba. Tayani madzi, tsukuluzani beseni, bwerezaninso. Chitani katatu kapena kanayi, mpaka mutapisa chala pansi pa beseni osamva kanthu. Masamba a nthawi ya dzinja amene mvula yawathira dothi amafuna kasanu n'kotheka. Ophika ambiri a ku Greece amathira viniga pang'ono m'madzi oyamba kuti tinkhono ndi timbozi tituluke. Mchere wodzaza dzanja umagwiranso ntchito yomweyo.

Kuwiritsa

Wophika wozolowera ndiwo zathu ayenera kudzigwira pano, chifukwa zonse zimene dzanja lake linazolowera zikhala zosiyana. Ife timathira madzi pang'ono, kuvundikira, n'kusiya masamba apse ndi nthunzi yawo. Horta imafuna madzi ambiri, moto waukulu, ndi poto wosavundikira.

Ikani madzi pamoto, muvundikire kuti awire msanga. Akabwata kwambiri thirani mchere, muchotse chivundikiro, ndipo musachibwezerenso. Madzi ambiri ali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, masamba ozizira akalowa madzi sazizira kwambiri, amayambiranso kuwira posachedwa, ndipo masamba amene apsa msanga amasunga mtundu wawo. Chachiwiri, kuwawa kwa masamba ngati radikia, chisoso ndi luni kumasungunukira m'madzimo. Madzi akachepa kuwawako kumabwerera m'masamba. Kusavundikira nako kuli ndi chifukwa: masamba akamapsa amatulutsa asidi wawo, wina amauluka ndi nthunzi wina amasungunuka m'madzi, ndipo asidi ameneyu ndi amene amasandutsa kubiriwira kukhala kotuwa ngati khaki.

Ngati mukuphika pa mbaula, onetsetsani kuti makala ayaka bwino musanaike masamba. Moto wofooka ndi mdani wa horta. Poto akakhala wamng'ono, phikani kawiri m'madzi omwewo m'malo mokanikizira masamba onse nthawi imodzi.

Yambani ndi zolimba. Mapesi a seskoula kapena a bitiruti alowe kaye okha mphindi 3 kapena 4. Ngati mwasakaniza mitundu, owawa ndi olimba atsogole, ofewa atsatire. Ikani masamba dzanja limodzi pa nthawi, kuwamiza ndi chipande, mpaka onse alowe. Muwatembenuze kamodzi kapena kawiri kuti apamwamba apite pansi, basi, osawatakasa.

Nthawi muyambe kuwerenga madzi akayambiranso kuwira. Bonongwe wanthete amapsa pa mphindi 5 mpaka 8. Masamba a seskoula ndi a bitiruti amafuna 4 mpaka 6. Mpiru umatenga 8 mpaka 12. Masamba akutchire owawa amatha kufika 15 kapena 20 akakhala okhwimirapo. Koma wotchi ingokuthandizani, woweruza ndi chala. Vuulani phesi limodzi lonenepa, mulizizire pang'ono, mulitsine pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Likaphwanyika mosavuta koma osasungunuka, zapsa. Likakana, onjezani mphindi 2 muyesenso. Agiriki sakonda masamba okukutika. Horta iyenera kukhala yofewa, koma tsamba lililonse lizioneka kuti ndi tsamba.

Soda musathire. Inde amasunga kubiriwira ndipo amafulumizitsa kupsa, koma amalobodola masamba, amasiya kakomedwe kasopo, ndiponso amawononga vitamini C ndi vitamini B1. M'ndiwo zopanda tomato ndi nsinjiro kasopoko kamamveka poyera.

Masamba akakhala owawa mopitirira, pali njira: awiritseni mphindi 5, mutaye madziwo, muwaike m'madzi ena owira kale amchere kuti amalize kupsa. Komabe musathamangire kuchotsa kuwawa konse. Kwa Mgiriki radikia wosawawa ndi wopanda pake, ndipo mafuta ndi ndimu ntchito yake ndi kuweta kuwawako, osati kukufafaniza.

M'chilimwe ambiri amaponya timazukini tating'ono tathunthu ndi mbatatesi m'poto momwemo. Mbatatesi zosenda zilowe mphindi 15 masamba asanalowe, zukini mphindi 5. Zikatero mbale ija imasanduka chakudya chokwanira chamasana.

Kuvuula ndi kukhetsa

Zikapsa, vuulani masamba ndi chipande chobooka kapena foloko kuwaika mu sefa. Musakhuthule poto yense mu sefa, pa chifukwa chomwe chija cha beseni: kamchenga kotsala kali pansi pa poto. Ena amawaviika m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi imodzi kuti asiye kupsa ndi kuti mtundu ukhale wowala. M'malo odyera zimathandiza, koma kunyumba si zofunikira kwenikweni, ndipo madzi ozizirawo amatsukulako kukoma. Kungowamwaza m'mbale yotakata kuti nthunzi ituluke n'kokwanira.

Asiyeni akhe mphindi 5 mpaka 10. Mukhoza kuwakanikiza pang'ono ndi kumbuyo kwa chipande, koma musawafinye m'manja mpaka kuuma. Pamafunika kamadzi kochepa kotsalira, kamene kadzasakanikirana ndi mafuta ndi ndimu pansi pa mbale n'kupanga msuzi wosunsa buledi. Madzi akachuluka, mafuta amangoyandama osagwira masamba. Akasoweratu, masamba amagwirana n'kukhala chibuma.

Mafuta ndi ndimu

Mafuta sapita pamoto, amathiridwa osaphika pa masamba opsa kale. N'chifukwa chake mtundu wa mafuta ndi nkhani yaikulu. Fufuzani botolo lolembedwa kuti extra virgin, kutanthauza mafuta ofinyidwa ku zipatso popanda kuwatenthetsa kwambiri kapena kuwayeretsa ndi mankhwala. Mafuta ambiri a ku Greece amachokera ku olivi wa mtundu wa Koroneiki, wolimidwa kwambiri ku Crete ndi ku Peloponnese, ndipo amakhala ndi kafungo ka udzu wongodula ndi kakuyabwa kummero. Kuyabwako si vuto, ndi chizindikiro cha mafuta atsopano. A ku Spain, Italy kapena South Africa ali bwinonso. Botolo lolembedwa pomace kapena light lisiyeni, n'lokazingira.

Mafuta a olivi ndi okwera mtengo m'masitolo athu, palibe chobisa. Mafuta wamba ophikira, a mpendadzuwa kapena a soya, akathiridwa osaphika sabweretsa kukoma kulikonse, amangopaka milomo. Ngati olivi wakanika, mafuta a mtedza ofinyidwa kumene ali ndi fungo lawo ndipo amadyeka bwino ndi bonongwe ndi ndimu, koma dziwani kuti mwaphika china chake chokoma, osati horta ya Agiriki. Kuli bwino kugula kabotolo kakang'ono ka olivi weniweni n'kumakasungira ntchito ngati iyi, pamalo amdima kutali ndi moto.

Ikani masamba m'mbale, muwamasule ndi foloko kuti asagwirane, mulawe mchere. Thirani mafuta mosaumira, muwatembenuze pang'ono. Ndimu ndiye abwere pomaliza penipeni, patebulo, aliyense afinyire yekha m'mbale mwake. Mukathira ndimu msanga, asidi wake amachita zomwe tinazipewa posavundikira poto zija, ndipo pakangotha kanthawi masamba amatuwa. Ena amamenya mafuta ndi madzi a ndimu m'kabotolo mpaka zitasakanikirana, magawo awiri a mafuta pa gawo limodzi la ndimu, msuzi umene amati ladolemono. Ndi wabwino ngati mudya nthawi yomweyo. Pa vlita ndi pa masamba a bitiruti mabanja ena amakonda viniga wa vinyo m'malo mwa ndimu, ena amawonjezera kadyo kosinja. Pa masamba owawa ndimu ndiye woyenera.

Kudya kwake

Horta sadya yotentha kwambiri. Imakoma ili yofunda kapena itazizira yokha, ndipo m'chilimwe ambiri amaidya yochokera mu furiji. Mnzake wakale ndi nsomba, yootcha kapena tinsomba tating'ono tokazinga, choncho chambo chootcha kapena usipa wokazinga sizingakhale zachilendo pambali pake. Imayendanso ndi nyama yootcha, nyemba, kapena chibenthu cha feta, tchizi woyera wamchere wa mkaka wa nkhosa, nthawi zina wosakaniza ndi wa mbuzi. Buledi wolimba kunja asasowe, chifukwa kamsuzi kapansi kaja sikatayidwa. Ndi nsima zimatheka, koma muona kuti ntchito yake ndi ina: horta siterera, ndiye pafunika ndiwo ina ya msuzi pambali.

Madzi owiritsira radikia Agiriki ambiri sataya. Amawasiya akhazikike, n'kutunga apamwamba m'kapu, kufinyiramo ndimu, n'kumwa ali ofunda. Ngati mukufuna kutero, chepetsani mchere pophika. Madzi a bonongwe, sipinachi, seskoula ndi masamba a bitiruti amakhala ndi oxalate wambiri wochokera m'masambawo, mchere wachilengedwe umene umatha kupanga timiyala mu impso, choncho amene anadwalapo timiyala ta mu impso asamwe. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akumbukire kuti masamba obiriwira ali ndi vitamini K wochuluka, amene amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa, ndipo asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene amadya asanafunse adokotala.

Zotsala

Masamba owiritsa amakhala masiku 2 kapena 3 mu furiji, m'chiwiya chotseka, opanda ndimu. Ndi nzeru kuthira mafuta ndi ndimu pa gawo lokhalo limene mudye, otsalawo muwasunge ndi kamadzi kawo pang'ono kuti asaume. Popanda furiji, phikani zokwanira tsiku lomwelo.

Mawa lake simukakamizidwa kuwadya momwemo. Aduleni, muwakazinge pang'ono m'mafuta, muswerepo mazira awiri kapena atatu. Kapena tsatirani anthu a pa chilumba cha Corfu, amene tsigarelli wawo ndi masamba owiritsa okazingidwanso ndi anyezi, adyo, tsabola wofiira wowawa, ndipo ena amathiramo tomato. Kazingani anyezi mmodzi m'mafuta masupuni 3 mpaka afewe, onjezani adyo ndi tsabola, kenako tomato mmodzi wogaya, zipse mphindi 5. Ikani masamba aja ndi theka la kapu ya madzi, muchepetse moto, ziphike mphindi 10 mpaka madzi atatha n'kutsala mafuta ofiira pansi pa poto. Apa ndimu ndi wosankha, ndipo mchere mulawe kaye musanawonjezere chifukwa masamba analowa kale mchere dzulo.